Msongolo Wamanzere

Manda 386 ndiwo anafukulidwa chaka chino kuseri kwa kachisi wa ku Mahachai, ndipo pa onsewo panalibe dzina ngakhale limodzi. Pamwala uliwonse panali nambala basi. Ogona mmenemo ndi anthu otoledwa pamsewu, m'ngalande, pagombe, kapena omwalira m'chipatala popanda wobwera kudzalira. Malo akadzaza, bungwe lotola mitembo limaitana anthu odzipereka kuti adzafukule, atsuke mafupa, awamate timapepala ta golide, kenako awatenthe onse pamodzi. Eni mafupawo amapita kumene akupita, malo n'kupezekanso a ena.

Ntchitoyi imatenga masiku khumi ndi awiri, ndipo masiku onsewo Mayi Lamyai amatseka benchi yawo ya nthochi zokazinga pamsika wa kudoko. Nthochi zawo ndi zisanu pa mabati 20, ndalama za kumeneko, ndipo tsiku labwino mikoko itatu imatha dzuwa lisanapendeke. Kutseka malo otere nyengo imene maboti akutsitsa nsomba, anthu pamsika amangopukusa mitu. Amati mayiwa akudziunjikira zabwino za moyo ulinkudza. Iwo satsutsa. Koma chimene amapitira kumandako ndi fupa limodzi lokha: msongolo wamanzere wokhala ndi chitsulo, chokhomedwa ndi timisomali tisanu n'kamodzi.

Mayi Lamyai anabadwira kumpoto chakum'mawa, kumudzi wa mpunga kumene mvula ikakana chaka chimodzi ana akuluakulu amakwera basi kukafuna ntchito kutauni. Iwo anakwera ali ndi zaka 16. Anatumbula nsomba m'fakitale zaka khumi ndi zinayi, mpaka zala zawo zinapindika osawongokanso. Amuna awo ankayendetsa lole ya ayezi, ndipo anamwalira ndi chiwindi mwana ali ndi zaka zisanu n'zinayi. Ndalama ya chipepeso anagulira chiwaya ndi mbaula ya gasi. Mwanayo anali mmodzi yekha, Thawin.

Thawin atakwanitsa zaka 18 anapita ku Bangkok kukanyamula katundu pa njinga yamoto. Sipanathe chaka, lole inamukankhira m'mbali mwa mlatho, mwendo n'kuthyoka. Mayi ake anakakhala naye m'chipatala masiku khumi ndi limodzi. Wodiyo inali yodzaza, mabedi ogundana, moti wodikirira wodwala analibe pena pokhala koma kumiyendo kwa bedi. Iwo anaika kampando pamenepo, akuyang'anizana ndi mwana wawo, mwendo womangidwawo utapachikidwa chakudzanja lawo lamanzere. Dokotala anawaonetsa chithunzi cha mkati mwa mwendo, chitsulo chili mbee, iwo n'kuwerenga timisomali ndi chala.

Atachira, mnyamatayo anabwerera ku ntchito. Sankatsimphina. Kunyumba ankabwera kawiri pachaka, atavala buluku lalitali, kudya, kugona, n'kumapita. Ali ndi zaka 23 anabwera ndi nkhani yakuti m'maboti a asodzi mumalipira bwino. Anakwera Lachiwiri, atanena kuti miyezi itatu. Botilo linabwerako, iye ayi. Mwini boti anati mnyamatayo anatsika padoko lina kum'mwera osabwereranso. Apolisi analemba zimenezo papepala. Pano zaka zakwana khumi ndi chimodzi.

Palibe pamsika amene anawaonapo Mayi Lamyai akulira. Kwa amonke, ansembe a pakachisi, sapereka chakudya m'dzina la Thawin, chifukwa zimenezo amachitira akufa. Mpunga wake samuikiranso mumphika, chifukwa zimenezo amachitira amoyo. Amadzuka, amasenda nthochi, amakazinga, amabweza chenji. Ukawafunsa kuti muli bwanji amati, "Zingati?"

Kutsuka mafupa anayamba zaka zisanu n'zinayi zapitazo. Amene anawaphunzitsa ndi a Kimheng, mdala wa bungwelo amene wakhala akutola mitembo kuyambira asanamere ndevu. "Imikani fupa chonchi, mphuno yake iyang'ane kutsogolo," anatero tsiku loyambalo. "Kotupa ka pansi aka ndi kakolo wa mkati. Kakaloza uku ndi wamanzere, kakaloza uko ndi wamanja. Simungasokoneze." Ndipo sanasokonezepo. Kuchokera pamenepo, kulikonse kumene amva kuti akufukula manda a anthu opanda abale, amavala zoyera n'kukwera basi. Ulendo uno unali wachisanu. Amapempha kukhala pa tebulo lomaliza, pamene mafupa onse aatali amadutsa asanaikidwe pamulu, chifukwa fupa likangofika pamulu palibenso wodziwa kuti linali la yani. Misongolo yodutsa m'manja mwawo anali ataiwerenga: 2,140 pofika chaka chatha.

Tsiku lachisanu n'chitatu la ulendo unowu kunatentha kuyambira m'mawa. Pansi pa tenti pankanunkhira lubani ndi dothi lonyowa. Pafupi ndi Mayi Lamyai panakhala a Sangwan, ogulitsa matikiti a lotale moyandikana ndi benchi ya nthochi ija. Iwo anabwera ndi zawo. Anali atagwira chigaza pamiyendo, akuchikwecha ndi mswachi.

"Achemwali, awa manda awo anali nambala chani?"

"214."

"Taonani mano! Khumi ndi asanu n'anayi. Amuna anga ali moyo koma sangafikeko." Anatembenuza chigazacho kuti chiwayang'ane. "Amalume, ndakutsukani mpaka m'makutu. Inu mundikumbukire pa 16 pano, tsiku la lotale. Manambala awiri okha, ine si wadyera."

A Kimheng ankadutsa atasenza nsalu zoyera paphewa. "Iwe Sangwan, akanakhala odziwa manambala bwenzi atagona muno opanda dzina?"

"Amalume, munthu amachenjera akafa."

"Ndiye iwe ukadali ndi ulendo wautali."

"Inu ndiye mwatsala pang'ono, mudzandilotetse!"

Tebulo lonse linaseka. Mayi Lamyai anatenga msongolo wina, kuuimika, kuyang'ana kakolo, kuusisita ndi chala kuchokera kumwamba mpaka pansi. Wamanzere, wosalala. Anamatapo golide n'kuupereka.

Chakumasana kunabwera azungu awiri ndi zikwama kumsana, ali ndi munthu wowamasulira. Anavula zisoti n'kuima kutsogolo kwa zigaza, zomwe zinali zitasanjidwa mizeremizere kufika m'chiuno, chilichonse golide ali waliwali pamphumi. Wamwamuna anajambula kambirimbiri. Wamkazi anaphimba pakamwa ndi dzanja, kenako anafika pa tebulo n'kulankhula motsitsa mawu.

"Azakhali, akufunsa ngati simuchita mantha," anatero womasulira.

"Muwauze asaponde nsalu," anatero Mayi Lamyai osadzutsa mutu.

Nkhomaliro inali mpunga ndi masamba, poti masiku amenewa palibe wodya nyama. Atatha kudya, a Sangwan anadzuka pa kampando kawo kuti akataye madzi a m'beseni. Anangoponda kawiri, beseni uko, iwo khuu pamphasa.

"Mayo ine! Mtsempha! Andigwira mwendo amalume aja!"

"Mwawapempha zambiri," wina anakuwa, anthu n'kusekanso.

Mayi Lamyai anapukuta manja n'kukagwada kumiyendo kwa mnzawoyo. A Sangwan anali chagada, maso ali psinyu.

"Uti?"

"Wamanja!"

Anagwira mwendo umene unali kudzanja lawo lamanja n'kuyamba kuukanda.

"Osati uwo, achemwali! Wamanja wanga ine! Mukandiyang'ana chonchi, wamanja wanga uli kumanzere kwanu. Zaka zonsezi mukusanja mafupa a eni ake, mwendo wa munthu wamoyo ukukuvutani?"

Mayi Lamyai anasiya mwendowo n'kugwira winawo, wa kudzanja lawo lamanzere. Anapinda phazi, anakanda katumba. Manja ankagwira ntchito okha. Iwo ankaona kampando kumiyendo kwa bedi, nkhope ya Thawin patsogolo pawo, ndi mwendo wopachikidwa chakudzanja lawo lamanzere. Anali atayang'anizana naye, monga anali atayang'anizana ndi a Sangwan tsopano. Mwendo wothyokawo unali wamanja.

Kenako anakumbukira za ku Chumphon, tauni ya m'mbali mwa nyanja kum'mwera. Unali ulendo wawo wachiwiri, zaka zisanu n'ziwiri zapitazo, tsiku lachitatu, mvula ikugogoda pa tenti. Msongolo unafika pa tebulo uli ndi chitsulo. Anawerenga timisomali: tisanu n'kamodzi. Anauimika monga anawaphunzitsira, nayang'ana kakolo. Wamanja. Anapuma, n'kunena mumtima kuti uyu ndi mwana wa wina. Anautsuka bwinobwino, kulowetsa mswachi pakati pa timisomali. Anamatapo timapepala ta golide titatu m'malo mwa kamodzi, poti anaona kuti mwini wake anavutikapo. Anauika okha pamulu. Tsiku lotentha mafupa anaima pamzere ndi anzawo, naponya duwa lawo pamoto, ndipo pobwerera anagula chinanazi pa depoti n'kudyera m'basi.

"Basi achemwali, mundithyola," anatero a Sangwan. "Wamasuka."

Mayi Lamyai anadzuka. Anatola beseni lija, anakatunga madzi ena, anabwerera pa tebulo. M'thupi munali zii, ngati dzanja limene waligonera. Ankadikira kuti mwina misozi ibwera, kapena miyendo ifooka, koma panalibe chobwera. Mafupa okha ndiwo ankabwera. Anatsuka misongolo ina 31 dzuwa lisanapendeke, ndipo uliwonse ankauimika n'kuyang'ana kakolo monga mwa chizolowezi, ngakhale zinalibenso ntchito.

Poweruka anapeza a Kimheng atakhala pa bokosi lopanda kanthu kuseri kwa tenti, akupinda nsalu.

"Amalume, ku Chumphon amasunga mabuku?"

"Kulikonse amasunga. Nambala ya manda, tsiku limene anam'tola, malo, zovala. Chithunzi cha nkhope, ngati nkhope inalipo. Bwanji?"

Anawauza. Sanatalikitse: mwana, njinga yamoto, boti, kampando kumiyendo kwa bedi, msongolo wa ku Chumphon. Ankalankhula ngati akuuza munthu mtengo wa mafuta ophikira. Aka kanali koyamba kuuza wina aliyense chimene ankafuna pa tebulo lomaliza. A Kimheng anasiya kupinda.

"Ine ndinkati mumakonda miyendo chifukwa ndi yosavuta kutsuka," anatero. "Nambala ya mandawo mukuikumbukira?"

"Sindinafunse. Sanali wanga."

"Tsiku lachitatu amafukula manda mwina makumi atatu. Achotsenipo akazi ndi ana, achotsenipo nkhalamba. Mutsala ndi masamba ochepa a m'buku."

"Nanga phulusa?"

"Kumeneko amakataya m'nyanja. Amakwera maboti ndi amonke."

Mayi Lamyai anagwedeza mutu. Anayang'ana manja awo, golide atamatirira m'zikhadabo.

"Koma chitsulo sichipsa, mwanawe," anatero mdalayo. "Moto ukazima amasefa phulusa. Zitsulo za m'miyendo, za m'chiuno, mano a siliva, zonse amaponya m'chitini. Kwina amasunga, kwina amapatsa ogula zitsulo, sindingakunamizeni. Zina zimakhala ndi nambala yodindidwa, ndipo chipatala chimene chinaika chimalemba nambalayo m'faelo ya wodwala."

"Faelo ya zaka khumi ndi zisanu n'chimodzi zapitazo?"

"Kafunseni. Ndipo musathamange mtima. Anyamata a njinga zamoto okhala ndi chitsulo m'mwendo dziko lino ndi ambiri kuposa agalu a pakachisi."

"Timisomali tisanu n'kamodzi."

"Nawonso ndi ambiri."

A Kimheng anatenga nsalu ina, kuikutumula, kuipinda pakati. "Ngati anali iye, ndiye kuti anam'tsuka ndi mayi ake. Mwa awa 386, ndani wapeza mwayi wotero?"

Mayi Lamyai anamva mawuwo, koma sanalowe paliponse. Ankawerenga masiku.

A Sangwan anawapeza pachipata, akutsimphina mokokomeza, thumba la matikiti lili m'khwapa. "Achemwali, mwakwiya? Ndimangocheza ine. Kandani mwendo uliwonse umene mukufuna, yonse ndi yanga."

"Umatha kukazinga nthochi iwe?"

"Ine? Ndinabadwira m'chiwaya."

"Mafuta asachite utsi. Ufa usakuchulukire madzi. Zisanu pa mabati 20, ndipo apolisi a padoko nawonso amalipira."

"Inu mukupita kuti?"

"Kum'mwera."

A Sangwan anawayang'ana kumaso, nthabwala n'kuwathera pakamwa. Thawin ankamudziwa kuyambira akukwawa pansi pa benchi. "Ndi za mwana?"

"Kaya."

"Ndikuperekezeni?"

"Benchi ikhala ndi yani?"

Anayenda limodzi mpaka pamsewu waukulu. Malole a ayezi ankadutsa akudontha madzi. A Sangwan anakwera galimoto yoyamba. Mayi Lamyai anayenda wapansi, monga amachitira masiku onse, kudutsa pamsika pamene anzawo ankakolopa mamba a nsomba. Wogulitsa makala anawakuwira kuti, "Azakhali, akufa akupereka moni?" Iwo anakweza dzanja n'kupitirira. Pa benchi yawo anasuzumira pansi pa lona kuona ngati gasi ndi wotseka. Anali wotseka.

Ntchito ya kumanda yatsala masiku anayi, ndipo aimaliza, chifukwa misongolo ina 240 sinadutse pa tebulo ndipo tsopano mbali zonse ziwiri ndi zofunika. Lachinayi atentha mafupa. Lachisanu m'mawa akwera sitima yoyamba ya ku Bangkok kukapempha faelo ya Thawin kuchipatala, kuti aone ndi maso awo kuti unali mwendo uti, ndiponso ngati nambala ya chitsulo inalembedwa. Loweruka akwera basi ya 7 koloko ya ku Chumphon, mabati 420, kukapempha buku la tsiku lachitatu ndi chitini cha zitsulo.